Njinga ya pa Njerwa

Atandisudzula kumudzi kwa mkazi wanga, ndinamangirira chikwama cha mabuku pa njinga n'kuuyamba ulendo. Alamu anga sanandipirikitse ayi. Anachita zonse mwaulemu. Titameta, anandithokoza chifukwa chosunga mlongo wawo zaka zonse zija, nandiuza kuti tsopano ndine mfulu, ndingathe kupita kulikonse kumene mtima wanga ukufuna. Koma mtima wanga sunkafuna kulikonse. Kwathu anthu anali atatha, mwana sitinabereke, ndipo kusukulu kumene ndinkaphunzitsa ndinali nditasiya choko patebulo m'mawa wina, osabwererakonso.

Njingayo sindinkaikwera, ndinkangoikankha. Anthu m'njira ankafunsa ngati tayala laphulika, ine n'kuvomera, poti kuvomera sikuchedwetsa ulendo.

Mkazi wanga anali Nangondo. Anamwalirira pa njinga yomweyo, pa kaliyala, atamangidwa ndi chitenje kumsana kwanga monga timachitira ndi wodwala amene sangathe kudzigwirira yekha. Zimenezi ndinkauza aliyense wondifunsa. Zimene sindinkanena ndi izi. Msewu wa kuchipatala tsiku limenelo unali wouma ndi wosalala, wopanda chopinga chilichonse. Katatu konse Nangondo anandipempha kuti ndiime. Ankanditchula kuti aphunzitsi, dzina la nthabwala la kuyambira tili pa chitomero. "Aphunzitsi, taimani pang'ono." Kachitatu tinali pafupi ndi mtengo wa mbawa wa mthunzi waukulu, ndipo anati tikhale pansi pamenepo, ali ndi mawu. Ndinamva bwinobwino. Ndinayankha kuti tatsala pang'ono kufika, n'kuwonjezera liwiro. Pachipata cha chipatala, mayi amene anamasula chitenje anamukhudza pakhosi, kenaka anandiyang'ana ine, nafunsa ngati ndili ndi achibale pafupi.

Ndine munthu wosakonda kulira pagulu, ndipo nkhani yotere sindikanatha kuinena ndi pakamwa panga. Ndinaganiza kuti mwina ingatuluke kudzera pakamwa pa anthu ena. Zaka zonse zimene ndikufotokoza pano zinathera pa ntchito imodzi yokhayo.

Sindikudziwa kuti ndinayenda miyezi ingati ndisanafike m'tauni ya fumbi, ya msika waukulu. Kumeneko ndinapeza gulu la zisudzo la munthu wina dzina lake Gwedeza, wamfupi, wa mawu osasa chifukwa chokuwa m'misika. Ataona mabuku anga anafunsa ngati ndimatha kulemba, poti anthu ake ankangopeka zonena ali kale pabwalo, ndipo masewero awo onse ankathera pa mwamuna wobisala kunsi kwa bedi.

Gwedeza sankaonera masewero ake. Sewero likayamba ankazungulira kumbuyo kwa khamu, n'kunyonyomala, kuyang'ana mapazi a anthu. Anandifotokozera kuti munthu wa pamsika amaonera ali chiimire, dengu lili pamutu, ndipo nkhope yake ikhoza kunama koma chidendene sichinama. Chidendene chikangotembenuka, ndiye kuti mwini wake wakumbukira tomato amene wasiya. Akaona zidendene ziwiri kapena zitatu zatembenuka ankaimba mluzu, ndipo pabwalo wina ankayenera kumenya mnzake, kaya chifukwa chilipo kaya palibe.

Ndinamulembera sewero la mwamuna wopita ndi mkazi wake wodwala kuchipatala. Nzeru ya njerwa inali yake. Anasanja njerwa mbali zonse ziwiri za njinga yanga kuti tayala lakumbuyo likhale m'malere, lakutsogolo n'kulipanikiza, kotero kuti munthu akanatha kupalasa tsiku lonse osasuntha. Pa pepala ndinali nditalemba kuti mwamunayo akupalasa, mkaziyo akubuula, kenaka afika mochedwa. Za kupempha kuja sindinalembe.

Gwedeza anawerenga, natembenuza pepalalo kuti aone ngati kuseri kuli zina.

"Akulu, apa chikuchitika n'chiyani?"

Ndinati munthu akumwalira.

"Akumwalira, inde. Koma chikuchitika n'chiyani?"

Choncho tinaikamo mtsinje wosefukira, wa zitenje zabuluu zimene anthu awiri ankakupiza. Tinaikamo achifwamba atatu a zikwanje zamatabwa. Pambuyo pake tinawonjezera galu wachiwewe, amene anali mlamu wake wa Gwedeza atavala chiguduli. Kuti mwamunayo azitha kudumpha msanga, Gwedeza anati mkaziyo tisamamumange kumsana kwake, tizimumangirira ku chishalo n'kumufunditsa mpaka kumutu. Pa chopinga chilichonse mwamunayo ankatsika, kumenyana, kupambana, n'kukweranso. Anthu ankakuwa, ogulitsa ankasiya malonda, zidendene zili pamalo amodzi. Ndisaname, inenso zinkandipepuza. M'sewero limenelo mkazi ankafa chifukwa cha mtsinje, achifwamba ndi galu. Panalibe amene akanaloza chala mwamunayo.

Tinayenda nalo misika yambiri. Masana ena sewero litatha ndinapita kukamasula mayi amene ankakhala wodwalayo. Nditavundukula chitenje ndinapeza thumba la madeya. Mayiyo anali atatopa n'kukhala padzuwa wopanda chonena, ndipo anali atabwerera kwawo misika isanu ndi umodzi yapitayo. Gwedeza ankadziwa. Anati palibe woonera ndi mmodzi yemwe amene wadandaula, ndiponso thumba silipempha madzi akumwa. Ndinafuna kukwiya, koma ndinakumbukira kuti ine, mwini sewero, ndinaonera maulendo onsewo osazindikira kuti mkaziyo palibe.

Tsiku lomwelo ndinatsitsa njinga pa njerwa.

Misewu ya zaka zimenezo inkafanana yonse. Pankakhala ogulitsa nzimbe, chigayo, tchalitchi cha malata adzimbiri, kenaka mtengo wa mbawa kudzanja lamanzere. Ndikaudutsa, patapita masiku ndinkaupeza ulinso kutsogolo. Sindinakhalepo pansi pake.

Ndinafika pamudzi wa pa phiri pamene nkhungu inkachoka dzuwa lili kale pamutu. Kumeneko kunali Mayi Fanesi, amene ankatsogolera amayi a mpingo pa masewero a masiku a zikondwerero. Anali munthu wamkulu thupi, wolankhula pang'onopang'ono, ndipo anandipatsa kachipinda kosungiramo mabenchi othyoka osandifunsa kumene ndachokera. Iwo sankayang'ana mapazi. Ankakhala kutsogolo cha m'mbali n'kumayang'ana manja a amayi. Dzanja likanyamula nsonga ya chitenje kupita nayo kumaso, ankagwedeza mutu, ndiye kuti kwa iwo sewero layamba.

Atawerenga sewero langa anachotsamo mtsinje, achifwamba ndi galu. Anati anthu sabwera kudzaona miyendo, amabwera kudzaona mtima. Kenaka anandifunsa kuti nanga mkaziyu bwanji alibe mawu, kodi si munthu? Funsolo linandilowa. Ndinadzitsekera pakati pa mabenchi aja n'kulemba sewero lina. M'menemo mkazi ankapempha kamodzi kokha, mwamuna n'kuima pomwepo. Ankayedzamiritsa njinga kukhoma n'kukhala naye pansi pa nthambi imene tinkazika m'chidebe cha mchenga. Ndiye mkaziyo ankalankhula. Ankathokoza, ankakhululuka, ankagawa mbale zake kwa achibale, ankaimba nyimbo ziwiri. Anali masamba khumi ndi awiri, ndipo sindinafufutepo liwu ndi limodzi lomwe. Chiyambire sindinalembepo kanthu mosavuta chotero, ndipo zimenezo zikanayenera kundichenjeza.

Nsonga za zitenje zinakwera. Ulendo woyamba analira, wachiwiri analiranso. Pofika nyengo ya mtedza amayi ankabwera ndi malichero, ndipo ankayamba kulira njinga ikangoyedzamira, wodwalayo asanatsegule pakamwa, manja awo osaleka kuswa mtedza. Abambo ankatuluka mmodzimmodzi kukaothera dzuwa.

Tsiku lina mayi wina wa paulendo, mwana ali kumsana, anaima pakhomo n'kuonera mpaka pakati pa nyimbo yachiwiri. Kenaka anafunsa woyandikana naye, osazindikira kuti mawu ake akumveka tchalitchi chonse:

"Nanga njinga ili apoyo ndi yakufa? Bwanji osathamanga naye kuchipatala?"

Ena anamuletsa, ena anaseka chobisa. Mayi Fanesi anati ndisavutike, ameneyo ndi mlendo, sakudziwa za masewero. Koma ine ndinaona chimene mlendoyo anaona. Njinga yoyedzamira kukhoma inkauza aliyense kuti palibe chofulumirira, ndipo pamene palibe chofulumirira palibenso imfa. Panali mayi wolankhula nthawi yaitali, ndi mwamuna waulesi womumvetsera. Ndinapita m'kachipinda kanga ndikudziwa kuti wosaima uja ndi wolakwa, woima uja ndi wolakwanso.

Panali china choipa koposa. Ndikayesa kukumbukira mawu a Nangondo ndinkamva mawu a mayi wa kwaya amene ankakhala wodwalayo, mawu okwera, onjenjemera kumapeto. Nangondo sankalankhula chotero. Ankalankhula mwachidule, ngati munthu amene wasiya ndiwo pamoto. Ndinali nditamudzaza mawu a eni m'kamwa mpaka ake anasowa pokhala. Ndinatsanzika Mayi Fanesi, iwo nandipatsa mtedza wa paulendo, ndipo ndinatsika phirilo nkhungu isanachoke.

Zaka zotsatira ndinagwira ntchito zina. Ndinaumba njerwa. Ndinalembera anthu makalata pakhonde la positi ofesi, makalata a moni wambiri ndi nkhani yochepa. Tsitsi linachita imvi. Matayala a njinga anauma n'kung'ambika, ndinagula ena, nawonso anauma osakweredwa.

Potsiriza ndinafika m'tauni ya njanji. Sitima inali italeka kubwera kalekale, koma anthu ankasonkhanabe pa siteshoni masana chifukwa cha mthunzi ndi chizolowezi. Pamenepo mayi wina dzina lake Elube ankakazinga mandasi. Tsiku lina ndinamumva akudandaula kuti mapepala okulungira atha, ndipo ndinatsegula chikwama n'kumupatsa masewero onse awiri. Ndinali nditaganiza zosiya.

M'mawa mwake anandiitana ndi dzanja. Anati ali mtsikana anayendapo ndi magulu a zisudzo, ndipo sangakulungire mandasi pepala asanaliwerenge. Anati m'sewero loyamba muli msewu wopanda mkazi, m'lachiwiri muli mkazi wopanda msewu. Anati onse awiri analembedwa ndi munthu amene analipo, poti akudziwa pamene mfundo ya chitenje imapweteka kunsi kwa nthiti, ndipo onse awiri akunama.

"Tsono, madala, tandiuzani zimene zinachitika, mafuta asanatenthe."

Ndinamuuza, maso ali pa njanji. Kanali koyamba. Sananene pepani. Anangofunsa kuti mkazi wanga anapempha kangati, ine ndinayankha chiyani, ndiponso ngati yankho langa linali lomwelo maulendo onse atatu. Nditamuyankha anati ndikalembe zokhazo. Ndinati m'menemo simukuchitika kanthu, anthu a Gwedeza angatembenuze zidendene, ndipo mulibe mawu oliritsa, anthu a Mayi Fanesi sanganyamule chitenje. Elube anaponya mandasi m'mafuta.

"Wina akupalasa, wina akuti imani. Zonse ziwiri nthawi imodzi, pa njinga imodzi. Inu munkazilekanitsa dala."

Anawonjezera kuti wopalasayo akupalasa chifukwa chokonda, wopemphayo akupempha chifukwa chokondanso, ndipo woonera asapatsidwe mpata wodziwa mbali yoti akhale. Ananena izi akutembenuza mandasi, ngati akundiuza njira ya kuchigayo.

Ndinalemba tsamba limodzi. Linanditengera masiku ambiri kuposa masamba khumi ndi awiri aja.

Elube anati wodwala akhala iye mwini. Wopalasa tinapeza Dafutala, bambo wa kabaza wa miyendo ngati mitengo, amene ankadikirira anthu pa siteshoni pomwepo. Tinasanja njerwa kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu n'kuyamba kukonzekera. Pempho loyamba Dafutala ankalidutsa bwino, lachiwiri movutikira, koma pa lachitatu ankagwira mabuleki. Tinabwereza, anagwiranso. Elube anamulonjeza mandasi a mlungu wathunthu, anagwirabe.

"Ine ndine wa kabaza, madala," anatero akupukuta thukuta. "Kasitomala akati imani, mwendo umaima wokha."

Tinaseka. Ulendo wina anakwanitsa kudutsa, koma anacheuka kuyang'ana kumbuyo, ndipo ataima anati zimenezi sabwerezanso, ali ndi mkazi kunyumba. Elube anamasula chitenje m'chiuno mwa Dafutala n'kundipatsira ine.

"Kwerani nokha. M'tauni muno munthu wodziwa kusaima ndinu."

Sananene mwachipongwe. Ananena monga umauzira munthu kuti makiyi ali m'thumba mwake.

Tinachita sewerolo masana ena pa siteshoni, pamene kale anthu ankadikirira sitima. Nditakhala pa chishalo ndinapeza kuti miyendo yanga sinaiwale kanthu. Dafutala anamanga chitenje, mfundo inakhala kunsi kwa nthiti pamalo pake penipeni. Elube anatsamira kumsana kwanga. Anali wolemera, wofunda, wonunkhira mafuta okazingira. Ndinayamba kupalasa.

Poyamba anthu anaseka, chifukwa nkhalamba yopalasa njinga yosayenda ndi chinthu choseketsa. Wina anafunsa ngati ndikafike lero. Ndinapalasabe, tcheni chikulira, tayala likuzungulira m'malere.

"Aphunzitsi, taimani pang'ono."

Ananena motsitsa, mwachidule, ngati munthu amene wasiya ndiwo pamoto. Sindinamuphunzitse zimenezo. Ndinayankha kuti tatsala pang'ono kufika. Kuseka kunachepa.

Ndinapalasa nthawi yaitali monga tinapanganira, mpaka malaya ananyowa. Atapempha kachiwiri, ndinayankha chimodzimodzi, ndipo mwa chizolowezi ndinaponya maso pansi. Zidendene zonse zinali pamalo amodzi. Ndinayang'ana manja a amayi. Panalibe dzanja lopita kumaso. Anali atangogwira zimene anagwira, wina ndowa, wina mtolo wa masamba, ngati aiwala kuti zili m'manja.

Kachitatu Elube anatchula mtengo. Anati tikhale pansi pamenepo, ali ndi mawu. Ndinawonjezera liwiro, njerwa zinagwedera. Pamenepo mayi wa ndowa uja anasiya ndowa yake pansi nakuwa:

"Imani, bambo inu! Simukumva?"

Kumbuyo bambo wina anayankha kuti ndisaime, chipatala chili pafupi. Ena anavomereza mayiyo, ena bamboyo, ndipo phokosolo linakula mbali zonse ziwiri mofanana. Ndinadziwa kuti chimene ndinkafuna zaka zonsezo chapezeka. Sewero linali litaima bwino pa miyendo yake. Chotsala chinali kupalasa mpaka kumapeto kwa tsamba.

Ndinaima.

Sindinagwire mabuleki, ndinangochotsa mapazi. Tayala lakumbuyo linapitiriza kuzungulira lokha, likulira kaphokoso kake kaja, pang'onopang'ono, mpaka linaleka. Ndinamva mpweya wa munthu pakhosi panga, ndipo kwa kanthawi ndinakhulupirira ndithu kuti tsopano ndimva. Ndinali nditaima. Mthunzi unalipo. Ndinadikira.

Elube anasendeza pakamwa pafupi ndi khutu langa, nanong'ona kuti anthu asamve:

"Madala, izi pa pepala palibe. Ndinene chiyani?"

Ndinafufuza m'mutu mwanga. Munali masamba khumi ndi awiri a pa phiri aja, munali mtsinje, achifwamba ndi galu. Mawu a Nangondo munalibe. Sanabisike penapake kuti tsiku lina ndidzawapeze, mwini wake anapita nawo. Anthu anali kudikira, Elube anali kudikira, ndipo munthu yekhayo wodziwa chotsatira anali atagona zaka zambirimbiri kumudzi kumene anandisudzula.

Ndinabwezera mapazi pa mapedulo.

"Tatsala pang'ono kufika," ndinatero.

Sewero litatha palibe amene anaomba m'manja. Anthu anabalalika mwakachetechete, ndipo mayi uja anaiwala ndowa yake, anachita kuibwerera. Dafutala anamasula chitenje osandiyang'ana kumaso. Elube anakhala pa njerwa kanthawi, kenaka anati pamene ndinaima paja ndiye pamtima pa sewero lonse, tisadzapachotse. Anafunsa ngati ndingathe kumaima chimodzimodzi ulendo uliwonse. Ndinati ndingathe.

Kuyambira pamenepo tayenda nalo m'matauni ambiri, ya fumbi, ya pa phiri, ina ya njanji. Njinga ndimaikankhabe pamsewu, ndimaikwera pa njerwa pokha. Anthu amati ndi sewero labwino, ndipo ndikuganiza kuti akunena zoona. Masana alionse, pa pempho lachitatu, ndimachotsa mapazi. Tayala limazungulira mpaka kuleka. Elube anazolowera, sanong'onanso kanthu, amangopuma kumsana kwanga. Ine ndimamvetsera nthawi yonse imene khamu lingapirire, mpaka ndione chidendene choyamba chikuyamba kutembenuka. Ndikachiona ndimapalasa.